Lipoti: Pulesha ya 1089.4 hPa ya ku Tosontsengel, ndi zimene ikutanthauza kwa ife oyeza nyengo kumtunda

Pa 30 Disembala 2004, siteshoni yoyezera nyengo ya ku Tosontsengel, m'chigawo cha Zavkhan ku Mongolia, inalemba pulesha ya mpweya yokwana 1089.4 hPa (hPa, kapena kuti hectopascal, ndiwo muyezo wa pulesha). Iyi ndiyo nambala yaikulu koposa zonse imene bungwe loona zanyengo padziko lonse, World Meteorological Organization, lomwe tonse timangoti WMO, linafufuzapo n'kuivomereza. Komatu baromita ya pamalopo, chida choyezera puleshacho, sinaloze 1089.4 tsiku limenelo. Inaloza 846.5. Zotsalazo, zoposa 240 hPa, zinachita kuwonjezedwa ndi masamu otsitsira pulesha pamulingo wa nyanja yamchere, masamu omwewo amene ife timachita tsiku ndi tsiku, ena pamakina, ena pamatebulo akale omata kukhoma la ofesi.

Nkhaniyi ndimaigwiritsa ntchito pophunzitsa anzathu ongoyamba kumene ntchito. Ndaona kuti ndiilembe bwinobwino chifukwa masiteshoni ambiri a kuno kwathu ali pamalo okwera, ndipo vuto la ku Mongolia lija limatipeza nafenso, kungoti kwathu limadza ndi kutentha m'malo mwa kuzizira.

Chifukwa chake timatsitsa pulesha

Pulesha ndi kulemera kwa mpweya wonse umene uli pamwamba pako, kuyambira pomwe waimapo mpaka kumene mpweya wathera. Ukakwera phiri, mpweya wina wausiya m'munsi, ndiye wotsala pamwamba pako wachepa. Izi zinatsimikizika kalekale. Pa 19 Seputembala 1648, Florin Périer, mlamu wake wa Blaise Pascal, anakwera phiri la Puy de Dôme ku France atanyamula chubu cha mercury, ndipo pamwamba pa phirilo anapeza kuti mercury yatsika ndi masentimita pafupifupi 8 poyerekeza ndi m'tauni ya Clermont m'munsi mwake. Apa n'kuti patangopita zaka zochepa Evangelista Torricelli atapanga baromita yoyamba ku Italy.

Kufupi ndi nyanja yamchere, mamita 8 aliwonse amene wakwera amachotsa pafupifupi 1 hPa. Tsono taganizani za dziko lathuli. Nsanje siifika mamita 100. Madzi a nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 474. Bwalo la ndege la Chileka lili pa mamita pafupifupi 780, la Kamuzu ku Lumbadzi pa mamita 1,230. Tsiku limodzi lomwelo, baromita ya ku Nsanje imadutsa 1000 hPa pamene ya ku Lumbadzi ili m'ma 870. Kusiyana kumeneku n'koposa 120 hPa, chonsecho kusiyana kwenikweni kobwera ndi nyengo, kumene kumayendetsa mwera panyanja kapena kukokera chiperoni ku Thyolo, n'kwa ma hPa owerengeka chabe. Mutalemba manambala a pamalowo pamapu n'kujambula mizere ya isobar, yolumikiza malo a pulesha yofanana, mungangojambula mapiri ndi zigwa. Nyengo siingaoneke n'komwe. N'chifukwa chake siteshoni iliyonse imayankha funso limodzi: baromita yangayi ikadakhala pamulingo wa nyanja yamchere, pansi penipeni pa malo ano, ikadaloza chiyani?

Pansi pa siteshoni palibe mpweya, pali dothi ndi miyala. Ndiye timachita ngati takumba chitsime kuyambira pakhomo pa siteshoni mpaka kufika pamulingo wa nyanja, n'kuchidzaza mpweya, kenaka n'kuwerengetsa kulemera kwa mpweya umenewo ndi kuphatikiza pa zimene baromita yaloza. Nkhani yonse yagona pa funso loti mpweya wa m'chitsimemo ndi wotentha bwanji. Mpweya wozizira ndi wothinana, umalemera. Wotentha ndi wopepuka. Ndipo popeza chitsimecho kulibe, palibe angatsitsemo themometa. Timangotenga kutentha kumene themometa ya pabwalo yaonetsa, n'kuganiza kuti kumawonjezeka ndi madigiri 6.5 pa kilomita iliyonse yotsika.

Masamu ake ndi awa. Kutalika kwa malo m'mamita muchulukitse ndi 0.03416. Zimene mwapezazo mugawe ndi kutentha kwa pakatikati pa chitsime, m'madigiri a Kelvin (madigiri a pa themometa kuphatikiza 273.15). Yankholo mulidutsitse pa batani la eˣ pa kalikuleta, kenaka muchulukitse ndi pulesha ya pamalo. Njira ya WMO imawonjezerapo kanthu pang'ono ka chinyezi, chifukwa mpweya wachinyezi umapepukirako kuposa wouma.

Zimene zinachitika tsikulo

Tosontsengel ili m'chigwa cha mtsinje wa Ider, pakati pa mapiri, pa mamita 1,724.6 kuchokera pamulingo wa nyanja. M'nyengo yachisanu dera lonselo limakhala pansi pa pulesha yaikulu ya ku Siberia. Kumwamba kumakhala kopanda mitambo, mphepo kulibe, usiku ndi wautali, pansi pali chipale chofewa. Nthaka imataya kutentha usiku wonse, ndipo mpweya wozizira, pokhala wolemera, umatsetsereka m'mapiri n'kudzakhazikika m'chigwa. Pa nthawi yoyeza ija themometa inali pa madigiri 44.8 pansi pa ziro.

Tiyeni tiwerengetse limodzi. Madigiri 44.8 pansi pa ziro ndi 228.35 Kelvin. Theka la chitsime ndi mamita 862, amene akutipatsa madigiri 5.6 owonjezera, ndiye pakatikati pa chitsime pali pafupifupi 234 Kelvin. Mamita 1,724.6 kuchulukitsa ndi 0.03416 akutipatsa 58.9, kugawa ndi 234 tikupeza 0.2518. Pa batani lija pakutuluka 1.286. Tichulukitse ndi 846.5, ndipo tafika pafupifupi 1089 hPa. Palibe analakwitsa masamu.

Tsopano baromita tiisiye pomwepo pa 846.5, tingosintha themometa yokha. Kukadakhala madigiri 20 pansi pa ziro, yankho likadakhala 1063. Kukadakhala pa ziro penipeni, 1046. Kukadafunda mpaka madigiri 15, likadatsika kufika 1034 kapena 1035. Baromita sinasunthe, mpweya wa pamwamba pa siteshoni sunawonjezeke ngakhale pang'ono, koma nambala yopita pamapu yasuntha ndi ma hPa oposa 50. Pa kuzizira kwa tsikulo, digiri imodzi yokha inali kusintha yankho ndi pafupifupi 1.2 hPa.

Pali chinanso chimene chimandivuta kwambiri. Themometa yathu imakhala mita imodzi ndi theka kapena awiri kuchokera pansi. M'chigwa chotere, pa usiku wotere, mpweya wozizira kwambiri umakhala wa m'munsi wokhawo, ndipo ukakwera mamita mazana angapo umapeza kukufundirako. Choncho themometa ija inayeza kachigawo kochepa ka mpweya wozizira koposa wonse m'deralo, ndipo masamu anatenga kuzizira kumeneko n'kudzaza nako chitsime chozama kilomita imodzi ndi mamita 700.

Musandimve molakwa. Pulesha ya tsikulo inali yaikulu zedi. Pa kutalika kwa Tosontsengel, mpweya wa muyezo, womwe ndi mpweya wongoyerekeza wa tsiku wamba umene a zandege amagwiritsa ntchito, umapereka pafupifupi 822 hPa, ndiye 846.5 inapitirira ndi 24. Chimenecho chinayezedwa ndithu, ndipo palibe angachitsutse.

Chigamulo cha WMO

Bungweli lili ndi kaundula wa zochitika zanyengo zoposa zonse, ndipo woyang'anira wake kwa zaka zambiri wakhala Randall Cerveny wa pa Arizona State University. Komiti ya akatswiri ochokera m'maiko osiyanasiyana inaunika nkhani ya Tosontsengel, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu International Journal of Climatology m'chaka cha 2015. Komitiyo inapeza kuti zida ndi kayezedwe kake zinali m'malo mwake. Nkhawa yawo inali pa kutsitsako: kodi nambala yotsitsidwa kuchokera pamalo okwera chotere ndi yodalirika?

Rekodi yakale inali ya ku Agata, ku Siberia m'dziko la Russia, ya pa 31 Disembala 1968, yopitirira pang'ono 1083 hPa. Nakonso kunkazizira koopsa, koma Agata ili pa mamita pafupifupi 260 basi. Chitsime chake n'chosazama, masamu anangowonjezerapo pafupifupi 40 hPa, ndipo digiri imodzi kumeneko imasintha yankho ndi 0.2 hPa yokha. Kuika manambala awiriwa pamzere umodzi n'kunena kuti ina yapambana inzake sikukadakhala chilungamo.

Komiti inaonanso kuti maiko sagwiritsa ntchito njira imodzi. Nambala ya 1089.4 inatuluka potsatira njira ya ku Russia, imene a ku Mongolia ankatsatira. Potsatira njira ya WMO panatuluka 1089.1. Ku America amatenga pakati pa kutentha kwa panopa ndi kwa maola 12 apitawo, pofuna kuti kusinthasintha kwa usana ndi usiku kusasokoneze. Ena amachita zina. Potsiriza anagawa rekodi pawiri: ya masiteshoni osafika mamita 750, imene inatsalira Agata, ndi ya masiteshoni opitirira mamita 750, imene inapita ku Tosontsengel.

Ine ndimaona kuti anagamula bwino. Sanamuchotsere ulemu woyeza amene anatuluka panja pa kuzizira kumene kuja n'kugwira ntchito yake molondola, komanso sananamize anthu kuti manambala awiriwo ndi ofanana mtundu. Chokhacho chimene ndimawachenjeza ophunzira n'chakuti asauone mzere wa mamita 750 ngati malire enieni. Vutoli siliyambira pa 750. Limakula pang'onopang'ono ndi mita iliyonse, ndipo siteshoni ya pa mamita 700 pa tsiku lotentha modabwitsa ili m'madzi omwewo. Chileka yapitirira mzerewu ndi mamita pafupifupi 30 okha. Lilongwe, Mzuzu, Dedza, Kasungu ndi Mzimba zili kutali pamwamba pake, monganso Chipata ndi Lusaka.

Tikazibweretsa ku Lumbadzi

Titenge mamita 1,230, ndipo tinene kuti baromita yaloza 878 hPa. M'miyezi yopanda mvula si zachilendo kuti m'bandakucha kukhale madigiri 10, masana n'kufika 26. Ndi madigiri 10, masamu aja akupereka 1016.4 hPa. Ndi madigiri 26 akupereka 1008.5. Kusiyana kwake ndi pafupifupi 8 hPa, baromita isanasunthe. Siteshoni ya pa mamita 100 m'chigwa cha Shire, kutentha kutasintha ndi madigiri 16 omwewo, ingasunthe ndi 0.6 hPa yokha. Ndiye wojambula mapu a 2 koloko masana akapanda kusamala, aona ngati pamtunda wapakati pabadwa dera la pulesha yochepa, ndipo pamapu a m'mawa dera lija lasowa. N'zoona kuti nthaka ikatentha pamabadwadi pulesha yochepa, makamaka mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Koma gawo lina la zimene zaoneka papepalazo ndi mpweya wotentha wa m'chitsime chongoganizira chija. Kusiyanitsa ziwirizi ndi luso limene munthu amalipeza atakhalitsa patebulo la mapu.

Chinyezi nachonso kwathu si chochepa ngati ku Mongolia, kumene pa kuzizira kotero mpweya umakhala wouma gwa. M'dzinja lathu, chinyezi chokha chimatha kusuntha yankho la ku Lilongwe ndi pafupifupi 1 hPa. Wogwiritsa ntchito tebulo losaganizira chinyezi ndi wogwiritsa ntchito makina ochiganizira sangagwirizane, ngakhale atawerenga baromita imodzi.

Apa mpofunika kulongosola mayina atatu amene amasokoneza anthu. QFE ndi pulesha ya pamalo, ya pabwalo la ndege penipenipo. QFF ndi yotsitsidwa pogwiritsa ntchito kutentha kwenikweni kwa nthawiyo, ndipo ndiyo ya mapu a nyengo. QNH ndi yotsitsidwa popanda kuyang'ana themometa n'komwe: chitsime chimadzazidwa ndi mpweya wa muyezo, umene amati pamulingo wa nyanja ndi 1013.25 hPa ndi madigiri 15. Imeneyi ndiyo imapatsidwa kwa woyendetsa ndege, chifukwa altimeter yake, chida choonetsa kutalika kumene ndege ili, inapangidwa potsatira mpweya wa muyezo womwewo, ndipo akaikamo QNH n'kutera, chidacho chimamuonetsa kutalika kwenikweni kwa bwalolo. Mu METAR, uthenga wa nyengo ya pabwalo la ndege, imalembedwa ndi chilembo Q. Pa 878 hPa yathu ija, QNH ya ku Lumbadzi ndi pafupifupi 1018 hPa, m'mawa ndi masana omwe. Masana aja ikusiyana ndi QFF ndi ma hPa oposa 9. Ku Tosontsengel tsiku lija QNH ikadakhala pafupifupi 1042, kutanthauza 47 hPa pansi pa rekodi. Onsewa ndi manambala oona, lililonse pa ntchito yake. Choopsa n'kupatsa woyendetsa ndege QFF, kapena kuika QNH pamapu pamodzi ndi ma QFF a masiteshoni ena. Kulakwitsa ndi 9 hPa pa altimeter ndi mamita oposa 70, ndipo pamene mtambo wagona pansi mamita amenewo ndi miyoyo ya anthu.

Ndinakumanapo ndi chisokonezo chimenechi pa munda wina wa tiyi. Mwini wake anagula kasiteshoni kodziyezera kokha, ndipo tsiku lokaika anakasintha kuti nambala yake ifanane ndi ya mu METAR ya bwalo la ndege lapafupi. Makina ambiri otere amangophatikiza nambala imodzi yosasintha pa zimene ayeza, ndiye zotuluka zake zimakhala pafupi ndi QNH. Pofika m'chilimwe anayamba kuyerekeza ndi pulogalamu ya nyengo ya pa foni, imene imaonetsa pulesha ya pamapu, ndipo anaona kuti masana ziwirizi zikusiyana kwambiri. Anandiitana ali wokonzeka kubweza makinawo kumene anagula. Ndinapita ndi baromita yonyamula m'manja imene inali itangoyezedwa kumene, n'kuiika pashelefu pambali pa yawoyo, pa msinkhu umodzi, kutali ndi zenera. Tinadikira kuti izolowere kutentha kwa m'chipindamo. Kenaka ndinati, "Bambo, tsegulani pamene palembedwa pulesha ya pamalo, osati yotsitsidwa." Manambala awiriwo anagwirizana mpaka pa kadontho. Makina analibe vuto. Tinakhala pansi ndi kalikuleta, ndipo ataona okha kuti kusiyana kuja kukukula dzuwa likamakwera n'kuchepa usiku, mtima wawo unakhala pansi.

Njira ina: osatsikira kunyanja

Malamulo a WMO olembera uthenga wa SYNOP, wa manambala umene masiteshoni amatumizira zimene ayeza, anaganizirapo kale za masiteshoni okwera. Gulu la manambala loyamba ndi 3 limanyamula pulesha ya pamalo: 846.5 imalembedwa 38465. Gulu loyamba ndi 4 limanyamula yotsitsidwa: 1089.4 imalembedwa 40894. Koma siteshoni imene singatsitse modalirika imaloledwa kulemba china m'gulu lachiwirili, chomwe ndi kutalika kwa pamene pulesha ili 850 hPa, ndipo gululo limayamba ndi 48. Masiteshoni okwera ambiri a kum'mwera kwa Africa amatero, ndipo mapu a ku South Africa amajambula mizere ya isobar panyanja koma kumtunda amajambula kutalika kwa 850 hPa.

Ubwino wake ukuonekera pa masamu. Kuchokera pa 878 kufika pa 850 ndi mamita 268 m'bandakucha muja ndi 283 masana. Kusiyana kwa mamita 15 kukufanana ndi pafupifupi 1.5 hPa, m'malo mwa 8. Komanso mpweya umene tikuwerengetsawu ulipodi pamwamba pa siteshoni, baluni ikhoza kudutsamo n'kuuyeza. Ku Tosontsengel 850 hPa inali mamita 28 okha pansi pa siteshoni, pa mamita pafupifupi 1,697, pamene mu mpweya wa muyezo imakhala pa 1,457. Nambala imeneyi ikadanena nkhani yomweyo, yoti pulesha ndi yaikulu modabwitsa, popanda wina kuikayikira.

Kwa woyeza amene ali pa siteshoni imodzi, wofuna kudziwa ngati nyengo ikusintha, pali njira yapafupi kuposa zonsezi: ayang'ane pulesha ya pamalo, n'kuiyerekeza ndi ya dzulo pa ola lomwelo. Ndikuti ola lomwelo chifukwa kuno kufupi ndi equator pulesha imakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku payokha. Imakwera cha m'ma 10 koloko m'mawa ndi usiku, n'kutsika cha m'ma 4 koloko madzulo ndi m'bandakucha, ndipo kuyambira m'mawa kufika madzulo kutsika kwa 3 hPa n'kwa masiku onse. Wongoyamba kumene akaona kutsika kumeneku amathamanga kudzanena kuti kukubwera chimvula. N'chifukwa chake masiteshoni a m'madera otentha amatumiza kusintha kwa maola 24.

Mfundo imeneyi imakula kwambiri pa nthawi ya namondwe. Freddy atalowa kumtunda kachiwiri pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, chigawo chakum'mwera chinakutidwa ndi mitambo ndi mvula yosalekeza kwa masiku angapo. Masiku otere masana amazizira kuposa masiku adzuwa. Pamalo okwera mamita 1,000, monga mbali zambiri za Blantyre, digiri iliyonse yotsika imakweza pulesha yotsitsidwa ndi pafupifupi 0.4 hPa. Masana akazizira ndi madigiri 8 poyerekeza ndi dzulo lake, masamu amawonjezera 3 hPa pa nthawi imene baromita yeniyeni ikutsika. Kutanthauza kuti nambala yotsitsidwa imatha kubisa gawo la chenjezo pa tsiku limene chenjezolo likufunika kwambiri. Ine nthawi zotere ndimayamba ndayang'ana gulu la 3.

Zisanafike pa kutsitsa

Zonsezi zikudalira kuti pulesha ya pamaloyo ndi yolondola, ndipo apa tili pa nthawi yosintha zida. Amene tinaphunzira pa baromita ya mercury ya mtundu wa Kew tikudziwa mwambo wake. Umayamba wawerenga kathemometa komatidwa pachubu usanayandikire kwambiri, kuopa kuti thupi lako lingakafunditse. Kenaka umagogoda pang'ono ndi chala kuti mercury ikhazikike, n'kupotoza kagudumu mpaka m'munsi mwa vernier, kasikelo kotsetsereka kowerengera nambala, mutakhudza nsonga ya mercury, diso lili pa msinkhu womwewo, kuwala kukuonekera mbali zonse ziwiri. Nambala imene wawerengayo sinakhale pulesha. Pamafunika kukonza zinthu zitatu: cholakwika cha chidacho chimene chinalembedwa pa satifiketi yake, kutentha, ndi mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi. Mercury ikatentha imafutukuka, ndipo pa madigiri 25 pamalo okwera ngati athu umachotsa pafupifupi 3.6 hPa. Mphamvu yokokera pansi ndi yochepa kufupi ndi equator ndiponso pamalo okwera, ndiye kwathu umachotsanso pafupifupi 2.4 hPa. Woiwala ziwirizi wawonjezera 6 hPa asanayambe n'komwe kutsitsa, ndipo masamu otsitsira amazikuza kufika pafupifupi 7.

Pangano la Minamata la 2013, limene linayamba kugwira ntchito mu 2017, likuthetsa kupanga ndi kugulitsa zida za mercury, ndiye ma baromita amagetsi akulowa m'malo. Iwo safuna kukonza za mphamvu yokokera pansi, ndipo za kutentha amakonza okha mkati. Koma amasochera pang'onopang'ono ndi zaka popanda chizindikiro chilichonse, choncho ayenera kuyerekezedwa ndi baromita ya muyezo nthawi ndi nthawi. Amamvanso mphepo: bokosi lake likakhala poti mphepo ikuwomba pakabowo kake, nambala imavinavina.

Chotsala ndi kutalika kwa malo, chimene ambiri amachipeputsa. Kulakwitsa ndi mamita 10 kumabweretsa cholakwika choposa 1 hPa, ndipo cholakwikacho chimakhalapo tsiku lililonse mpaka wina adzachitulukire. GPS ya pa foni imalakwitsa kutalika ndi mamita 10 kapena kuposa mosavuta, ndiye siyoyenera ntchito imeneyi. Pamafunika a zoyeza malo, kuyambira pa chizindikiro chodziwika kutalika kwake. Ndipo kutalika kofunikako ndi kwa baromita yeniyeniyo, osati kwa msewu wa ndege kapena kwa pakhomo la ofesi.

Pamasiteshoni amene ndimayendera ndimapempha kuti m'kaundula, pambali pa nambala yotsitsidwa, muzipezeka pulesha ya pamalo ndi kutentha kumene kunagwiritsidwa ntchito, ndipo patsamba loyamba palembedwe kutalika kwa baromita ndi njira yotsitsira. Komiti ya WMO inatha kubwereza masamu a 2004 patapita zaka pafupifupi 10 chifukwa manambala a pamalo anasungidwa. Baromita yamagetsi ikalowa m'malo mwa ya mercury, ziwirizo ziwerengedwe limodzi kwa miyezi ingapo chakale chisanachotsedwe. Ngati yatsopanoyo yaikidwa m'bokosi pamtengo wa siteshoni kubwalo pamene yakale inali m'chipinda cham'mwamba, kusiyana kwa msinkhu kuyezedwe ndi tepi, kulembedwe m'kaundula pamodzi ndi tsiku losinthira, ndipo nambala ya kutalika imene ili m'makina isinthidwe tsiku lomwelo.